Kalata ya azakhali kwa Nabanda wa ku Mponela

Nabanda, mwana wa achimwene,

Azakhali ako kuno ku Malomo ali bwino, kupatula bondo lija. Soya wauma, anyamata ayamba kumenya. 

Chawatengetsa azakhali ako cholembera ndi zimene anamva pamaliro ku Khuwi. Mayi wina wapamsika wa Mponela anawanong'oneza kuti umatha miyezi osapita kumwezi, ndipo zikabwera zimabwera mwankhanza. Anati unagula tiyi wa m'mabokosi wotsatsidwa pa WhatsApp, woti amatsuka m'mimba ndi "kubalansa mahomoni", komanso kuti m'chikwama mwako simusowa makapisozi ogula pagolosale. Mwina anawonjezera, pakamwa pa anthu sipakhala zipi. Koma azakhali ako anagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo mawu oti "kutsuka m'mimba" akawamva tulo timathawa.

Ogulitsa tiyiwo sakunama zonse ayi. M'mimba ndi mahomoni n'zolumikizanadi. Homoni yoyamba kudziwika, secretin, anaipeza m'matumbo William Bayliss ndi Ernest Starling ku London mu 1902. Ghrelin, imene imakuuza kuti njala yakupweteka, imachokera m'chifu. Serotonin yochuluka, pafupifupi magawo 90 mwa 100, imapangidwa m'matumbo, osati m'mutu. Ndiye pali estrogen, imene imayendetsa msambo wako. Ikagwira ntchito yake, chiwindi chimaimanga n'kuitumiza m'matumbo pamodzi ndi ndulu kuti ikatuluke ndi chimbudzi. Koma m'matumbomo muli mabakiteriya ankhaninkhani, ndipo ena mwa iwo amaimasula, n'kubwereranso m'magazi. Yotuluka ndi yobwerera imatengera tizilombo timene uli nato ndi chakudya chimene umatipatsa. Ku Boston mu 1982 anapeza kuti amayi osadya nyama, odya zagaga zambiri, ankataya estrogen yochuluka m'chimbudzi kuposa anzawo, ndipo m'magazi mwawo inali yocheperapo.

Bodza lawo lili pa mawu oti kutsuka. Matumbo si mbale. Ali ngati dimba, ndipo munthu womwa amoxicillin kapena Bactrim nthawi iliyonse mimba ikalira akutentha dimba lonse pofuna kupha udzu wa pamzere umodzi. Tiyi wotsegula m'mimba naye amakukhetsa madzi ndi mchere wa m'thupi, osati matenda.

Za tizilomboti dziko lapansi linaphunzirako kwa ana a kuno kwathu. Mu 2013 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa gulu la Jeffrey Gordon wa ku St. Louis ndi madokotala ogwira ntchito m'Malawi, amene anatsatira mapasa a m'mabanja 317. M'mabanja ena, mwana mmodzi ankatupikana ndi kwashiorkor pamene mnzake, wodya m'mbale yomweyo, ali bwinobwino. Atatenga tizilombo ta m'chimbudzi cha wodwalayo n'kuika mu mbewa za mu labotale, n'kuzidyetsa chakudya chonga chathu, mbewazo zinaonda. Chaka cha 2012 gulu lomwelo linaonetsa kuti akuluakulu a m'midzi ya Malawi ali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya m'matumbo kuposa a m'mizinda ya ku America. Chuma chimenechi unachoka nacho kuno, ndipo ndicho ukuchitsukacho.

Azakhali ako ali mtsikana, asanapite ku kozi, ankagona gowelo limodzi ndi msuweni wawo, yemwe uja agogo ako sankatha kumutchula osagwetsa misozi. Anakwatiwa cha ku Nthondo, kuseri kwa nkhalango ya Ntchisi. Chaka chinatha, china chinatha, kumsana kulibe kanthu. Apongozi anayamba kuponya mawu pamtondo, ankhoswe anakhalirana pansi, ndipo anagwirizana kuti m'mimba mwake muli zoipa zofunika kutsuka. Kunabwera mayi wina ndi mizu yomanga m'kansalu. Ankaiviika m'kamphika usiku, m'mawa madzi ake ali bii, thovu pamwamba. Azakhali ako anapitako kukathandiza kukolola ndipo anaona ndi maso awo: mtsikana wonenepa bwino uja akuyenda chogwira khoma popita kuchimbudzi, milomo itang'ambika, chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno. Akamadandaula ankamuuza kuti limba mtima, ndiye kuti mankhwala akugwira. Msambo umene unkabwera mwa apo ndi apo unasiyiratu, anthu n'kuyamba kululutira kuti waima. Sanaime. Thupi likaona njala limatseka kaye za kubereka.

Tsiku limene anakomoka kumunda anamunyamula pangolo mpaka kumsewu. Kuchipatala cha mishoni sisitere anangomukweza chibwano, n'kumupatsa madzi kuti ameze, n'kuloza kachotupa kokwera ndi kutsika pakhosi. Chinali chithokomiro. Chimenecho ndicho chinkasokoneza msambo kuyambira pachiyambi, ndipo panalibe muzu wotsegula m'mimba ukanachifika. Anachira, patapita nthawi anabereka, koma ukwati uja unali utatha kale.

N'chifukwa chake azakhali ako sakufuna kumva zoti ukudzipatsa wekha mankhwala. Msambo umasokonekera pa zifukwa zambiri: mimba, jakisoni wa Depo, chithokomiro, kuonda kwambiri, nkhawa imene imakweza cortisol, komanso vuto lotchedwa PCOS, limene limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka, ambiri osadziwa. PCOS imayenda ndi ziphuphu, tsitsi lomera pachibwano, ndi thupi losamvera insulin, ndiye shuga amakhala pafupi. Zonsezi wogulitsa tiyi pafoni sangaziyeze.

Tiyi ameneyo utaye lero. Makapisozi usamwenso pokhapokha atalemba adokotala, ndipo akalemba umalize monga anenera. Tenga buku lako lakuchipatala upite pa chipatala cha Mponela pompo, kapena ukwere galimoto upite ku Dowa paboma. Ukanene zonse, ndi za tiyi zomwe, usakachite manyazi. Akakutumiza ku Kamuzu Central, pita. Apa azakhali ako sakupempha.

Za chakudya ndiye akhoza kunyengerera, poti akudziwa kuti wokhala pashopu tsiku lonse amadya chimene chili pafupi: mandasi ndi tiyi wa shuga m'mawa, tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa cha m'botolo masana, madzulo nsima yoyera ndi soya pisesi. Gaga ndi wochepa m'menemo. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu 25 a zagaga ndi magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Mabakiteriya akagaya gagayo amatulutsa timadzi tothandiza matumbo kupanga GLP-1, homoni imene imathandiza insulin ndi kukuuza kuti wakhuta. Kunena mwachidule, uzidya mgaiwa uja unkaukana uli mwana n'kumati ndi wa ku sukulu yogonera. Nyemba, khobwe, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, mbatata yodya ndi khungu lomwe, magwafa, masuku nyengo yake ikafika. Thobwa logona ndi chambiko n'zabwino, bola usathiremo shuga wodzaza dzanja. Zimenezi sizichiritsa chithokomiro kapena PCOS, asakunamize munthu, ngakhale azakhali ako amene. Zimangothandiza thupi kuti mankhwala oyenera akapeze poyambira, ndipo kudzimbidwa kumene umati kumafuna kutsuka kumachepa kokha.

Mwina ukwiya kuti nkhani yako inakambidwa pamaliro. Kwiya, koma pita kuchipatala. Bambo ako sanauzidwe, ndipo sauzidwa ngati iwe sufuna.

Mlamu wako akubwera ku Mponela Loweruka kudzagulitsa soya. Atenga ndowa ya mgaiwa, nyemba, mfutso wa khwanya ndi nsinjiro za mtedza wosankha, wopanda chuku. Thumba ubweze, ndi la eni ake. Umupatse kakalata kotseka konena zimene akuuza adokotala, kapena uimbe madzulo pafoni ya aphunzitsi, poti ya kuno batire inafa. Upereke moni kwa mayi ako aang'ono.

Ndi azakhali ako,
ku Malomo, Ntchisi