Ku Maputo, Kumene Amaphika Mawu a Malonda

Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Calómuè kudzera ku Ulónguè mpaka ku Tete amawaona makoma a magolosale opakidwa utoto wowala. Ofiira aja ndi a Vodacom, imene inafika m'dziko muno m'chaka cha 2003. Achikasu ofwifwa aja anasiyidwa ndi mcel, imene inayamba mu 1997 ndipo kenako inaphatikizana ndi TDM n'kukhala Tmcel. A mtundu wa lalanje ndi a Movitel, imene inabwera mu 2012 n'kuimika zitsulo zake mpaka kumidzi yakutali. Madzulo tikatsegula wailesi timamvanso mawu otsekemera otiuza kuti tigule mbewu iyi, sopo uyu, kapena kuti tisunge ndalama zathu mu foni. Kodi munayamba mwadzifunsapo, abale anga, kuti mawu amenewa amachokera kuti, nanga amawapeka ndani?

Ambiri mwa mawuwa amabadwira ku Maputo, m'maofesi a makampani amene ntchito yawo ndi imodzi yokha, kutsatsa malonda a anthu ena. M'Chipwitikizi amati agência de publicidade. Iwowa alibe sopo kapena simenti yoti akugulitseni. Katundu wawo ndi mawu, zithunzi ndi tinyimbo tija timakakamira m'mutu. Ntchitoyi ndi yakale ndithu, pakuti kampani ya Golo inayamba mu 1957, mzindawu ukutchedwabe Lourenço Marques. Lero makampani otere alipo angapo, aakulu ndi aang'ono. Ine ndinacheza masiku angapo mu ina mwa yaing'onoyo, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene anthu a mmenemo amakhalira, chifukwa zochita zawo zimafika mpaka m'thumba mwathu.

Poyamba tidziwe kutalika kwake. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo pali makilomita oposa 1,500. Basi imatsika ndi msewu wa N7 mpaka kufupi ndi Chimoio, n'kukalowa mu N1 pa Inchope, kuwoloka mtsinje wa Save, kudutsa Maxixe ndi Xai-Xai, n'kukakutulani pa Junta miyendo itatupa. Panjira ponsepo chilankhulo chimanka chisintha: Chinyungwe, Chindau, Chitswa, Chishangana. Mukamafika m'mzindamo, Chinyanja chathu chasanduka chachilendo. Munthu wa kumeneko akamva za Angónia amaganiza za kachewere ndi kuzizira basi. Mtunda umenewu muusunge m'mutu, chifukwa ndiwo umene uli pakati pa wolemba mawu ndi inu amene mumawamva.

Maofesiwa amapezeka kuchigawo cha nyumba zosanja, cha ku Polana, Sommerschield ndi m'misewu ngati Julius Nyerere ndi 24 de Julho. Koma antchito ambiri sagona kumeneko. Amachokera ku Matola, ku Zimpeto, ku Magoanine, ndipo amadzuka kusanache kuti akalimbirane malo m'timinibasi tija amati shapa. Woyamba kufika ndi mayi wosesa, amene amapeza mlonda akupinda chikhoti chake. Kenako dalaivala. Akatswiri a zithunzi ndi mawu amafika dzuwa litakwera, ena maso ali psuu, poti dzulo lake anaweruka pakati pa usiku.

Mukalowa m'katimo mudzadabwa. Amene tinazolowera maofesi a boma timayembekezera chitseko chotseka, benchi yodikirirapo, ndi bwana wa tayi kuseri kwa tebulo lalikulu. Muno mulibe zimenezo. Ndi chipinda chimodzi chachikulu, matebulo ataliatali, makompyuta ali ndandanda, makoma odzaza mapepala omata. Wina wavala kabudula, wina watseka makutu ndi zomvera nyimbo. Mwana wa zaka 25 amaitana mwini kampani ndi dzina lake loyamba, osawonjezapo ulemu uliwonse, ndipo amatha kumutsutsa pagulu popanda wina womudzudzula. Kwathu kuno zotere tikanati kusaleredwa. Iwo amanena kuti nzeru yabwino imatha kutuluka m'kamwa mwa wamng'ono, ndipo munthu wamantha sangaitulutse.

Koma musanyengeke ndi kabudulayo. Maudindo alipo, ndipo aliyense amadziwa malire ake. Pali mkhalapakati, amene amapita kwa mwini malonda kukamva chimene akufuna, ndalama zimene ali nazo ndi tsiku limene akufuna ntchitoyo ithe. Akabwerako amalemba zonsezo pa pepala limodzi kapena awiri. Pepalalo limapita kwa anthu awiri ogwira ntchito limodzi ngati ng'ombe za pa goli: wina wolemba mawu, wina wokonza zithunzi. Pamwamba pawo pali mkulu wa zaluso, amene angathe kutaya ntchito ya sabata yathunthu ndi mawu amodzi. Palinso wogula malo: iyeyu ndiye amakambirana mitengo ndi Rádio Moçambique, TVM, STV, mawailesi a m'madera ndi eni zikwangwani, n'kusankha ola limene mlimi amakhala atabwerako kumunda. Pomaliza pali a situdiyo, ojambula mawu ndi kanema. Chilengezo cha masekondi 30 chimene inu mumachimva mukusenda chimanga chadutsa m'manja onsewa.

Nthawi ya nkhomaliro ndiyo imaonetsa umunthu wa malowa. Kuseri kuli kakhitchini kokhala ndi tebulo limodzi. Aliyense amatulutsa kambale kake kochokera kunyumba: wina mpunga ndi matapa, ndiwo ya chigwada yothira nsinjiro ndi kokonati, wina nsima, imene iwo amati xima, wina buledi ndi badjia wogula pakhomo. Pa tebulo limeneli dalaivala amakhala moyandikana ndi mkulu wa zaluso, ndipo spuni imalowa m'mbale ya mnzake popanda kupempha. Olemba mawu amatchera khutu kwambiri nthawi imeneyi, chifukwa mayi wosesa ndi dalaivala ndiwo amadziwa mmene anthu akulankhulira m'shapa ndi mumsika. Nthabwala imene yaseketsa anthu pa tebulopo mawa lake mutha kuipeza pa pepala lomata kukhoma.

Amathandizananso monga timachitira kumudzi. Kutha kwa mwezi kuli xitique, chimene ife timati chipereganyu: aliyense amasonkha ndalama yofanana, ndipo mwezi uno atenga uyu, mwezi wamawa uyo. Ndi mmene ambiri amagulira malata ndi matumba a simenti omangira kanyumba ku Matola. Wina akaferedwa, envelopu imazungulira matebulo onse, ndipo galimoto ya kampani imanyamula anzake kupita kumaliro. Lachisanu madzulo amakhala pabwalo n'kumamwa limodzi, ena 2M kapena Laurentina, ena zoziziritsa kukhosi. Anthu amene amathera limodzi maola ambiri kuposa amene amathera ndi ana awo amasanduka ngati banja, afune asafune.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la ntchito m'dziko lathu limanena za maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata, koma mwini malonda akaimba foni madzulo kuti mawu asinthe ndipo akuwafuna mmawa, palibe amene amayang'ana wotchi. Nyengo zina ndi zoopsa kuposa zinzake: kukamayandikira FACIM, chionetsero cha malonda chimene chimachitikira ku Ricatla m'boma la Marracuene cha kumapeto kwa Ogasiti, ndiponso kukamayandikira Khrisimasi. Pamenepo magetsi a muofesi sazima. Mayi wa mwana wamng'ono amene amakhala ku Zimpeto amayenera kusankha pakati pa shapa yomaliza ndi ntchito yosatha.

Mantha aakulu ndi a mpikisano. Banki kapena kampani ya mafoni ikafuna oitsatsira malonda, imaitana makampani angapo kuti iliyonse ibweretse nzeru zake. Onse amagwira ntchito masabata, kawirikawiri popanda malipiro, ndipo wopambana amakhala mmodzi. Kampani yaing'ono imatha kudalira makasitomala awiri kapena atatu okha. Mmodzi akachoka, matebulo ena amakhala opanda anthu. N'chifukwa chake kuseka kwa m'nyumba zimenezi kumakhala kofuula, koma foni ya mkhalapakati ikalira onse amati zii.

Tsono tifike pa chimene chikutikhudza ife a m'malire. Zonse ndafotokozazi zimachitika m'Chipwitikizi. Nzeru imabadwa m'Chipwitikizi, nthabwala imasekedwa m'Chipwitikizi, mwini malonda amavomereza m'Chipwitikizi. Koma kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu pafupifupi 17 okha pa 100 aliwonse ndiwo Chipwitikizi chili chilankhulo chawo choyamba, pamene pafupifupi 8 pa 100 ndi a Chinyanja. Choncho ntchito ikatha, pamatsala kuimasulira m'Chimakuwa, Chisena, Chinyanja ndi zina. Apa ndiye pamaitanidwa munthu wa kwathu: wophunzira wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, kapena muulutsi wa pa wailesi, kapena mlonda amene wina wakumbukira kuti amachokera ku Tete. Amafika pomalizira, amapatsidwa pepala, amalowa m'situdiyo, amalandira ndalama ya tsikulo n'kumapita. Sakhala nawo pa tebulo la nkhomaliro, salowa m'chipereganyu, ndipo poti ndi waganyu, kampani simulipirira ku INSS monga ichitira ndi antchito okhazikika.

Pamene womasulira waitanidwa mochedwa chotere, zolakwika zimalowa mosavuta. Chipwitikizi cha malonda chimakonda kuitana munthu kuti tu, kusonyeza ubwenzi. Wina akachitembenuza mwachindunji, wailesi imauza agogo a imvi kuti iwe gula, iwe bwera, ndipo agogowo amangotembenuza nkhope. Masekondi 30 amene amakwana Chipwitikizi sakwana Chinyanja, ndiye wolankhula amathamanga ngati akuthawa njuchi, kapena amadula mawu ena, ndipo odulidwawo kawirikawiri amakhala aja ofotokoza malire a mwayiwo. Ena ku likulu amaganiza kuti Tete yense ndi Chinyungwe, osadziwa kuti ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde kuli anthu a Chinyanja. Ngakhale kalembedwe kali ndi msampha wake. M'sukulu za zilankhulo ziwiri za m'dziko muno amalemba Cinyanja ndi c yekha, pamene ambiri a ife tinaphunzira kuwerenga ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, tisanabwerere pambuyo pa mtendere wa 1992, ndipo diso lathu linazolowera ch.

Kuti dzina ndi chilankhulo zili ndi mphamvu, ife a m'malire ndife mboni. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la PSI linabweretsa makondomu mbali zonse ziwiri. Ku Malawi, mu 1994, anawatcha Chishango, ndipo aliyense anamva tanthauzo lake popanda womufotokozera. Kuno, mu 1995, anawatcha Jeito, mawu a Chipwitikizi onena za luso kapena kachitidwe kabwino ka chinthu, osankhidwa kuti amveke m'dziko lonse la zilankhulo zambiri. Mayina onsewa sanagwe kumwamba. Anthu anakhala pansi m'chipinda ngati chimene ndafotokozachi n'kuwasankha mwadala.

Kudziwa zimenezi kutithandize m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya makutu athu. Anthu a m'maofesiwa si akuba. Ndi antchito ngati ife, ofuna kudyetsa ana awo. Koma amalipidwa ndi wogulitsa, osati ndi wogula, ndipo ntchito yawo ndi kuonetsa mbali yokoma. Mukamva mawu oti ulere, funsani kuti ulere mpaka liti, ndiponso mutagula chiyani. Mukamva za ngongole ya pa foni kapena ya zipangizo za ulimi, funsani kuti pobweza mudzabweza zingati zonse pamodzi. Kuyambira pamene M-Pesa inafika mu 2013, ambiri timatumiza ndi kutapa ndalama pa foni, ndipo kutapako kuli ndi mtengo wake, umene wothandizira ayenera kukuonetsani musanapereke foni yanu. Pa chikwangwani, mawu ofunika amakhala ang'onoang'ono a m'munsi aja. Ngati maso sakuona, itanani mwana wa sukulu awerenge. Dziwaninso kuti lamulo loteteza ogula la 2009 ndi malamulo a kutsatsa malonda a 2016 amaletsa chilengezo chonyenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yachiwiri ndi ya ana athu. Mnyamata kapena mtsikana amene amalankhula bwino Chinyanja, amadziwa miyambi, amadziwa mmene munthu amalankhulira ndi apongozi kusiyana ndi mmene amalankhulira ndi mnzake, ndipo pamwamba pake analimbikira Chipwitikizi kusukulu, ali ndi chuma chimene maofesi a ku Polana alibe. Pophunzirira sipatali. Wailesi ya m'dera ya ku Ulónguè ndi zinzake za m'maboma oyandikana zimaulutsa zilengezo za maliro, za misika ndi za magolosale, ndipo wolemba chilengezo cha chigayo cha pa msika akuchita ntchito yomweyo imene amachita wa ku Maputo, kungosiyana kukula kwa tebulo. Masiku ano mawu ojambulidwa amatumizidwa pa foni, kotero munthu atha kumasulira ndi kulankhula ali konkuno.

Koma wolowa ntchitoyi asavomere kukhala munthu wa pomalizira. Akambirane mtengo asanatsegule pakamwa, ndipo afunse kuti mawu akewo adzaulutsidwa pa mawailesi angati, kwa miyezi ingati, pakuti mawu omveka chaka chathunthu sangagulidwe pa mtengo wa tsiku limodzi. Apemphe kuona pepala loyamba lija la mkhalapakati kuti adziwe cholinga, osati kungopatsidwa mawu otha kale. Ndipo akaona kuti chiganizo china chikanyoza akuluakulu kapena chikabisa mtengo weniweni, anene poyera. M'nyumba zimenezo amati wamng'ono ali ndi ufulu wotsutsa bwana. Mwana wa kwathu akafika kumeneko, augwiritse ntchito ufulu umenewo m'malo mwa amayi ake amene atsala ndi wailesi pakhonde.