Madola 80 pa tambula imodzi

Botolo la vinyo limalowa mamililita 750. Ukathira mwaulemu, osadzaza ngati ukuthira thobwa, mumatuluka matambula asanu. Pali vinyo wina wofiira wa ku California, dzina lake Opus One, amene botolo limodzi amagulitsa madola 400 kapena kuposerapo. Gawani nokha, mupeza madola 80 pa tambula imodzi. Botolo lathunthu likuposa malipiro anga a mwezi wonse, ine amene ndili ndi digiri ya zachuma ndipo ndimapita kuntchito nditamanga tayi. Ndiye funso lakhala likundizungulira m'mutu: m'botolomo muli chiyani chokwana ndalama yonseyo?

Sindikufunsa ngati munthu wongoonera zithunzi pa Instagram. Vinyoyu ndinamulawapo kamodzi, tambula imodzi yosadzaza, ndipo nkhani imeneyo ndifikapo. Koma tiyambe tawerengera kaye, poti n'zomwe tinakaphunzira kusukulu kuja.

Vinyo wodula wa ku California, wambiri amachokera ku chigwa cha Napa, kumpoto kwa mzinda wa San Francisco. Chigwachi n'chaching'ono, m'litali mwake makilomita pafupifupi 50 basi, ndipo pa vinyo yense amene California imapanga, wa ku Napa ndi magawo 4 okha pa 100 alionse. Masana kumatentha, usiku nkhungu yochokera kunyanja imalowa n'kuziziritsa minda, ndiye mphesa zimapsa pang'onopang'ono, mosathamanga. Mtundu wa mphesa umene unatchukitsa malowa ndi Cabernet Sauvignon, timphesa tating'ono takuda ta khungu lokhuthala. Mu 1968 akuluakulu a derali anakhazikitsa lamulo loteteza minda kuti isasanduke mapuloti omangapo nyumba. Malo olimapo ndi omwewo, sakukula, pomwe ofuna kulimapo akungochuluka. Lero ekala imodzi ya munda wabwino kumeneko imagulidwa madola 300,000 kapena kuposa.

N'chifukwa chake mphesa zake n'zodula. M'zaka zaposachedwazi tani imodzi ya Cabernet wa ku Napa yakhala ikugulitsidwa madola oposa 8,000, pomwe mphesa za ku Central Valley, chigwa chachikulu chotentha cha m'California momwemo, zimapita pa madola mahandiredi ochepa chabe. Tani imodzi imatulutsa mabotolo pafupifupi 700. Tikagawa, mphesa za m'botolo limodzi zikukwana madola 12 kapena kuposerapo pang'ono. Vinyoyo amamusunga chaka ndi theka m'migolo ya matabwa a oak ochokera ku France. Mgolo watsopano umaposa madola 1,000 ndipo umalowa mabotolo 300, kutanthauza madola anayi pa botolo. Onjezanipo botolo lenilenilo, chotsekera, pepala lomata kunja, ndi malipiro a anthu othyola mphesa ndi manja usiku kukuzizira, amene ambiri mwa iwo amachokera ku Mexico. Onjezaniponso zaka zoipa ngati 2020, pamene moto wolusa unabuka m'chigwamo, utsi n'kulowa m'mphesa, opanga vinyo ambiri n'kulephera kutulutsa vinyo wofiira wa chaka chimenecho.

Mphesa za m'minda yotchuka kwambiri zimadula kangapo kuposa pamenepa, zoonadi. Chulukitsani kawiri, katatu, kanayi. Pa 400 simufikabe. Gawo lina limathera panjira, chifukwa malamulo a ku America kuyambira m'ma 1930 amafuna kuti mowa wambiri uzidutsa m'manja atatu: wopanga, wopikulitsa, ndi wogulitsa m'sitolo, aliyense n'kuikapo phindu lake. Ku lesitilanti ndiye amachulukitsanso kawiri kapena katatu. Koma ngakhale mutachotsa zonsezi, pakutsalabe chindalama. Chimenecho chimalipirira dzina ndi kusowa kwa chinthucho.

Opus One anabadwa ndi dzina kale. Anamuyambitsa ndi anthu awiri otchuka pa nkhani za vinyo, Robert Mondavi wa ku Napa ndi Baron Philippe de Rothschild wa ku Bordeaux ku France, ndipo vinyo wawo woyamba anali wa mphesa za mu 1979. Pali wina wodula kuposa pamenepo, Screaming Eagle, amene anayamba ndi mphesa za mu 1992. Amapanga mabotolo ochepa kwambiri, ofuna kugula amadikira pamzere zaka ndi zaka, ndipo botolo limodzi limagulidwa madola masauzande. M'chaka cha 2000, pa malonda okweza mitengo othandiza zachifundo ku Napa, chibotolo chake cha malita 6 chinapita pa madola 500,000. M'California momwemo, sitolo ya Trader Joe's inayamba mu 2002 kugulitsa vinyo wa Charles Shaw pa madola 1.99 botolo, ndipo anthu anagula mabotolo mamiliyoni. Onsewa ndi madzi a mphesa owira. Palibe lilime padziko pano limene lingamve kuti uyu akukoma kuwirikiza ka 1,000 kuposa uyo.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti Napa yomweyo inatchuka chifukwa chochititsa manyazi dzina ndi mtengo. Pa 24 May 1976, Mngelezi wina wogulitsa vinyo ku Paris, Steven Spurrier, anaitana akatswiri 9 achifalansa kuti alawe vinyo wa ku France ndi wa ku California osaona mabotolo. Nthawi imeneyo aliyense ankadziwa kuti vinyo weniweni ndi wa ku France, wa ku America ndi masewera. Atawonkhetsa malikisi, pa vinyo wofiira anapambana Cabernet wa 1973 wa Stag's Leap Wine Cellars, wopangidwa ndi Warren Winiarski ku Napa, kuposa maina akuluakulu ngati Mouton Rothschild ndi Haut-Brion. Pa vinyo woyera anapambananso wa ku Napa, Chateau Montelena. Mtolankhani amene analipo anali mmodzi yekha, George Taber wa magazini ya Time, ndipo nkhani yake inafalikira dziko lonse. Phunziro la tsiku limenelo linali loti ukabisa pepala lomata pabotolo, wotchipa akhoza kugwetsa wodula. Zaka pafupifupi 50 zadutsa, ndipo pano amene akudalira pepala lomata pabotolo ndi Napa.

Ofufuza akhala akuyesa zomwezi. Mu 2008 Robin Goldstein ndi anzake anasindikiza zotsatira za kulawa koposa 6,000 kumene anthu sankauzidwa mtengo. Anthu wamba, ngati inu ndi ine, anakonda vinyo wodula mocheperako pang'ono kusiyana ndi wotchipa. Okhawo amene anaphunzira za vinyo ndi amene anapendekera kwa wodula. Robert Hodgson, mphunzitsi wopuma wa kuyunivesite amenenso amapanga vinyo, anayesa oweruza a mpikisano wa California State Fair powapatsa vinyo mmodzimodzi katatu, kuchokera m'botolo limodzi, iwo osadziwa. Woweruza mmodzi yekha pa 10 alionse ndi amene ankapereka malikisi ofanana nthawi zonse.

Koma kafukufuku amene anandikhalitsa pansi ndi wa Hilke Plassmann ndi anzake, wa mu 2008 momwemo, ku California Institute of Technology. Anagoneka anthu 20 m'makina ojambula ubongo n'kumawamwetsa Cabernet kudzera m'kachubu, akuwauza mtengo. Panali chinyengo: vinyo wa madola 90 nthawi zina ankawauza kuti ndi wa madola 10, wa madola 5 n'kuwauza kuti ndi wa 45. Anthuwo ananena kuti "wodulayo" akukoma kwambiri, chikhalirecho ndi vinyo yemweyo. Mwina mungati ankangonama poopa kuoneka achimidzi. Ayi ndithu. Mbali ya ubongo imene imagwira ntchito munthu akamamva kukoma inkachita kuyaka kwambiri mtengo ukakwera. Ndiye kuti ndalamayo imalowa m'kamwa ndithu. Wolipira madola 400 amamvadi kukoma kwa madola ambiri, kungoti gawo lina la kukomako wabwera nalo yekha.

Tsopano za tambula yanga ija. Malume anga, achimwene awo a amayi, amakhala ku Indiana. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba, nthawi zambiri mashifiti awiri patsiku. Atabwera pa Khirisimasi ina, titatha kudya nsima ya nkhuku yachikuda, anakatulutsa botolo m'sutikesi atalikulunga m'juzi ngati khanda.

"Ana inu, uyu si wa m'katoni uja mumamwa pa ukwati ayi," anatero, kenako n'kutchula mtengo.

M'nyumba munangoti zii. Amayi, amene samwa n'komwe, anayamba aika mbale pansi.

"Achimwene, ndalama yonseyo mwagulira chakumwa? Bwenzi mutangondipatsa ndikalipire fizi ya mwana wanuyu."

Malume sanakwiye. Anapitiriza kupotokola chotsekera chija pang'onopang'ono.

"Achemwali, zaka 14 ndakhala ndikutumiza. Fizi ndatumiza, malata ndatumiza, pa maliro ndatumiza. Fizi ya teremu ino ndatumizanso, taonani pa foni. Ndimangofuna tsiku limodzi lokha ndigule chinthu chopanda ntchito, ndimwe ndi abale anga."

Amayi sanayankhe. Anapita kukabati kukatenga matambula aja amangotuluka kukabwera azibusa.

Anali vinyo wabwino, zimenezo sindibisa. Fungo lake linali la zipatso zakuda zakupsa kwambiri, losakanikirana ndi la matabwa ndi kakhofi patali. M'kamwa sankakanda ngati vinyo wa ku South Africa wotchipa uja tinazolowera kugula ku supamaketi kukakhala phwando, ndipo nditameza, kukomako kunatsalira nthawi yaitali. Koma mtengo ndinali nditaumva kale, malume ali pomwepo akundiyang'ana kumaso, ndiye lilime langa tsiku limenelo linali mboni yolandira kale chiphuphu. Msuweni wanga ndi amene analankhula mosaopa. "Malume, zikungokhala ngati tiyi wopanda shuga woti waiwalika m'ketulo. Ndingathiremo Coke?" Tinaseka mpaka misozi. Komatu sanalakwitse: chimene chimaumitsa m'kamwa mu tiyi wokhalitsa, kapena mu nthochi yosapsa, n'chamtundu womwewo ndi chimene chili m'khungu la Cabernet. Kuchikonda kumachita kuphunziridwa.

Ndiye tiziti n'zoyenera mtengo wake? Ngati tikunena za chakumwa chokhachokha, ine ndikuti ayi. Kuchoka pa botolo la madola awiri kufika pa la madola 30 kapena 50, ndalama imagula zinthu zogwirika: mphesa zabwino, zokolola zochepa pa ekala, migolo, nthawi. Kupitirira pamenepo, dola iliyonse yowonjezera imagula kukoma kochepachepa ndi dzina lochulukachuluka. Amene lilime lake analiphunzitsa kwa zaka akhoza kumva kusiyana kumene ine sindingamve, ndipo ngati madola 400 sakumupweteka, amwe mwamtendere. Koma ambirife chimene chimatikoka pa mabotolo oterewa ndi kufuna kuti atione kuti tafika. Anzanga amene tinamaliza limodzi sukulu mukudziwa zimene ndikunena. Malipiro oyamba akangolowa, pamabwera njala ina yachilendo, yofuna kukhala pa tebulo loyenera, botolo loyenera lili patsogolo, foni ikujambula. Lendi isanalipidwe. Njala imeneyo botolo silithetsa, chifukwa pamwamba pa la 400 pali la 3,000 likukudikira.

Za malume ndimaziona mosiyana, ndipo apa masamu anga amafooka. Iwo sanajambule chithunzi ngakhale chimodzi. Munthu amene wakhala zaka 14 akusambitsa makolo a eni ake, dola iliyonse ili ndi dzina la m'bale isanalowe n'komwe m'thumba, anagula madzulo amodzi oti ndalama yake isakhale mankhwala a vuto la munthu wina. Botolo la madola 40 likanakoma pafupifupi chimodzimodzi, koma silikanagwira ntchito imeneyo, chifukwa chimene ankafuna kumva ndi kuwawa kwa mtengowo, n'kuupirira mwa kufuna kwawo. Kwa iwo, kamodzi kokha, ndikuganiza kuti zinakwana. Atati azigula mwezi ndi mwezi, ndikhala mbali ya amayi.

Ineyo sindidzagula. Wina akadzandithirira ndidzamwa, ndipo ndidzapempha kuti mtengo andiuze nditameza kale, kuti lilime langa lipeze mpata wonena zoona. Inunso yesani ndi anzanu Loweruka lina: mabotolo atatu a mitengo yosiyana, muwakulunge m'nyuzipepala, wina amene sakumwa nawo azithira. Mudzaseka, ndipo mwina mudzapulumutsa ndalama ya lendi.

Botolo lija amayi sanataye. Analitsuka bwinobwino n'kuliika m'kabati ya pabalaza, pakati pa chithunzi changa cha tsiku lolandira digiri ndi mbale zosadyera zija. Alendo akabwera amalionetsa. "Ili anabweretsa achimwene kuchokera ku America," amatero, kenako amatchula mtengo, mawu atatsitsa pang'ono. Alendowo amagwedeza mitu, ena mpaka amapempha kuligwira. Mulibe ngakhale dontho.