Kilachi ya Galimoto ya Amalume

Amalume anga atamwalira mu 2019, anandisiyira galimoto yao yakale ya mipando iwiri, MGB yofiira ya mu 1969. Anaigula ku Kitwe kwa mzungu wina amene anali kubwerera kwao atatsiriza nchito pa mgodi. Magalimoto a mtundu umenewu anali kupangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambira 1962 kufikira 1980, ndipo onse pamodzi anapitirira 500,000. Si galimoto yonyamulira cimanga kapena banja ai. Anaipangira liwiro ndi cisangalalo basi. Koma ine ndinailandira ndi manja awiri, pakuti ndiri mwana ndinali kuitsuka Loweruka liri lonse, amalume nkumandilola kugwira ciongolero injini iri cete.

Bvuto linayamba pang'onopang'ono. Pokwera citunda ca pa msewu wocokera ku Katete kupita ku Chipata, injini inali kulira kwambiri koma galimoto osaonjeza liwiro. Kenaka ndinayamba kumva fungo ngati la nsanza yopserera. Ndinadziwa kuti kilachi yayamba kuterereka, komabe ndinayenda nayo tero miyezi inai, ndikumadzinamiza kuti ndidzakonza mawa. Akulu anati zengerezu analinda kwaukwau. Tsiku lina giya inakana kulowa, ndipo anyamata a pa msika ndi amene anandikankha kukafika ku galaji.

Makaniko, bambo wa imvi amene anaphunzira nchito pa magalimoto a ku Britain, anagwada nasuzumira pansi. Atadzuka anapukuta manja nati, "Abambo, citsulo cimene cafa ncocepa. Cimene mudzalipira ndi njira yokafikira pamene ciri."

Anandifotokozera motere. Kilachi ndi mbale yopyapyala yokhala pakati pa injini ndi giyabokosi. Masipuling'i amaipanikiza ku gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini, kotero kuti mphamvu ya injini imapita ku magudumu. Woyendetsa akaponda ndi phazi lamanzere, mafuta a m'kapaipi amakankha kamkono, kamkonoko nkukankha beringi, ndipo mbale ija imamasuka kuti giya isinthidwe. Mbaleyo imatha monga momwe nsapato imathera kunsi, ndipo zimenezi nzacibadwa kwa galimoto iri yonse.

Kusiyana kuli apa. Pa magalimoto ambiri, makaniko amatsitsa giyabokosi yokha kucokera pansi, nasintha mbale, nabwezera. Pa MGB malo ngopanikizika kwambiri, motero injini yonse iyenera kuturuka. Acotse boneti ndi rediyeta, amasule makabureta awiri, ekizozi, mawaya ndi mapaipi a petulo, kenaka akweze injini ndi unyolo. Pa galimoto ya zaka zoposa 50, mabauti ena anacita dzimbiri, ndipo limodzi likaduka nchito imaima. Anandiuzanso kuti ine ndiribe tsoka loposa anzanga. Porsche 944, imene inapangidwa ku Germany kuyambira 1982 kufikira 1991, iri ndi injini kutsogolo koma giyabokosi kumbuyo, ndipo kuti afike pa kilachi ayenera kuyamba atsitsa giyabokosiyo ndi kusuntha cubu cacitali columikiza ziwirizi. Amisiri a magalimoto othamanga anaganizira za liwiro ndi kakhalidwe ka galimoto pa msewu, osati za thumba la mwini wake wacitatu.

Atalemba mtengo pa kapepala, ndinakhala pansi pa tayala lakale. Mbale, copanikizira cake ndi beringi zinali zosakwana theka la ndalama zonse. Zotsalazo zinali za masiku a nchito, za kutumiza zitsulo kucokera kunja pamodzi ndi msonkho wake, ndi za tinthu tina timene sindinayembekeze. Cifukwa ca kucedwa kwanga, mbale inali itatha mpaka misomali yake kuyamba kukanda gudumu lija, ndipo linafunika kupita ku makina kukalipala. Analembanso kamphira kotsekera oilo kumbuyo kwa injini. Ndinati kameneko kakali bwino, tikasiye. Iye anaseka nati, "Kakayamba kudontha caka camawa, oilo adzanyowetsa mbale yatsopano, ndipo tidzaturutsanso injini. Mufuna kulipira njira imodzi kawiri?"

Kenaka anandifunsa funso limene linandicititsa manyazi. "Kodi mukaima pa mphambano, phazi lanu limakhala kuti?" Ndinabvomera kuti ndimaponda kilachi, giya iri m'kati, kufikira njira itatseguka, ndiponso kuti poyenda ndimasiya phazi litatsamira pamenepo. Anandionetsa beringi yakale ya galimoto yotere. Si ya timipira tacitsulo monga za masiku ano, koma ndi mphete ya kaboni, yofanana ndi mtima wa pensulo. Nthawi iri yonse pamene phazi laponda, mpheteyo imakhudza citsulo cozungulira, nkumadyeka. Amalume anayenda ndi galimotoyo zaka zambiri osaiononga. Ine ndinaimaliza ndi cizolowezi ca phazi limodzi.

Madzulo ndinaika kapepala kaja pa tebulo. Amai a kunyumba anakawerenga kawiri, osakweza mau. "Abambo," anatero, "mwana wathu afunika ndalama za ku koleji mwezi wamawa. Kodi galimotoyi idzamlembera mayeso?" Ndinafuna kukamba za amalume, za ubwana wanga, za ulemu wa malemu. Koma m'mtima ndinadziwa kuti amalume omwewo anagulitsa njinga yao kuti ine ndipitirize sukulu. Akadakhala moyo, sakadalola kuti citsulo cao citsogole mwana.

Tinagwirizana kuti za sukulu ziyambe. Galimoto tinaikokera kunyumba, nkuiimika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, yofunda tenti. Inakhala pamenepo miyezi 14, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Titagulitsa nsawawa za caka cotsatira, ndinaitanitsa zitsulo, pakuti ku England zikali kupangidwa. Makaniko anatha masiku atatu, ndipo tinasintha zonse zimene analemba, ndi kamphira komwe.

Inu awerengi amene mwaona galimoto yakale yokongola iri pa malonda ndi mtengo wotsika, musafunse za mtengo wa zitsulo zokha. Funsani makaniko kuti afunika kumasula zinthu zingati asanafike pa kilachi, ndi kuti zitsulozo zidzacokera kuti. Poiyesa, ikani giya yapamwamba pa citunda ndi kuponda mafuta. Injini ikalira liwiro osakwera, dziwani kuti ngongole iri kale m'kati. Walira mvula walira matope.

Galimoto ya amalume iri kuyendanso. Ndimaiturutsa kamodzi pa sabata, ndipo nthawi zina amai a kunyumba amakhala pa mpando winawo, atamanga duku molimba cifukwa ca mphepo. Tikaima pa mphambano, iwo amayang'ana pansi, ku phazi langa lamanzere. Ine ndimacotsa giya, nkuliika pansi msanga.