Mphasa ya gofu isakupwetekeni zigongono

Anzanga osewera gofu ku Nchalo, Okutobala uno nthaka yauma gwa, ndipo ena mukuyeserera pakhonde madzulo kukazizirako. Chonde musayale kamphasa kopyapyala pasimenti. Ndodo ikagunda pansi, mphamvu yonse imabwerera m'mfundo za dzanja ndi m'chigongono, ululu wake mudzaumva mawa ponyamula kapu ya tiyi.

Pogula, dinikizani ndi chala. Udzu wake ukhale wautali ndi wothithikana, woti kachikhomo koikapo mpira kazilowa, kunsi kwake kukhale labala wochindikala. Mphasa yolimba imanamizanso: ndodo imangotsetsereka, mpira n'kuuluka bwinobwino, pomwe kubwalo mukanangokumba dothi.

Mukamaliza muziilowetsa m'nyumba. Dzuwa la kuno ku Chikwawa limaumitsa labala mpaka kung'aluka.