Chilembwe ndi othyola tiyi a ku Kapichi

Pa 15 Januwale timakumbukira Abusa John Chilembwe, koma ambiri timangokamba za kuukira kwa 1915. Timaiwala kuti atabwerako ku America mu 1900 anayamba ndi tchalitchi ndi sukulu ku Mbombwe, ndipo chomwe chinawawawa mtima ndi thangata pa esiteti ya Bruce ku Magomero. Ena amati m'busa azingolalikira, zandale azisiye. Nanga nkhosa zake zikamakhetsa thukuta m'minda ya eni, kwawo zilibe pobzala chimanga, iye angoti chete? Imeneyo si ndale, ndi ubusa. Lero vuto ndi lomwelo: ku Kapichi ndi Thyolo yense tiyi ali biriwiri, pomwe mabanja akupanikizana pa kamunda kamodzi. Abusa athu, nkhani ya malo ndi malipiro a othyola tiyi kwerani nayo paguwa.