Ku Córdoba wapansi, ndi mayi wowerenga makoma

Lachitatu usiku

Mawa ndiyenda mumzinda ndi wotsogolera alendo wanga ndekha, chinthu chimene sindinachitepo. Ndalama zake zandiwawa ndithu, poti gulu lotsata ambulera imodzi likanandidyera zochepa. Koma pagulu ine ndimachita manyazi kufunsa. Anditumizira uthenga pa WhatsApp: nsapato zofewa, botolo la madzi, tikumane pa mlatho wa Aroma dzuwa lisanakwiye.

Lachinayi

Ndi mayi wachikulire, wobadwira momwemo. Tisanasunthe anandifunsa kuti, "Achimwene, mukufuna mbiri ya mafumu kapena mmene anthu amakhalira?" Ndinati zonse. Anaseka, nati miyendo yanga ndiyo idzasankhe.

Pa mlatho sitinakhalitse. Wadutsa pa mtsinje wa Guadalquivir, ndipo akuti wamangidwanso kambirimbiri moti za Aroma zenizeni zatsala pang'ono. Nkhani inali ku Mezquita, mzikiti waukulu umene lero ndi tchalitchi cha Akatolika. Tisanalowe anandiimika m'bwalo la mitengo ya malalanje, pamene Asilamu ankasamba asanapemphere, n'kundilozera nsanja ya mabelu. Mkati mwake, akuti, muli nsanja yoitanira anthu ku swala. Akhristu sanaigwetse, anangoimangira khoma mozungulira.

Titalowa anandiuza kuti foni ikhale kaye m'thumba. Muli kamdima, ndipo nsanamira zoposa 800 zangoti ndondondo ngati munda wa bulugamu. Ndekha ndikanati n'zokongola, n'kujambula, n'kutuluka. Iwo anandigwira pachigongono: "Taonani mitu ya nsanamirazi. Ikufanana?" Siinkafanana. Mfumu Abd al-Rahman I atayamba kumanga mzikitiwu cha m'ma 785, amisiri ake anatola nsanamira m'mabwinja a Aroma ndi Avisigoti. Zinali zazifupi, ndiye kuti denga likwere anasanja makoma okhota awiriawiri, lina pamwamba pa linzake, mwala woyera kusinthana ndi njerwa yofiira. Choncho kukongola kumene aliyense amajambulako kunabadwa chifukwa cha kuperewera kwa zipangizo. Izi zandisangalatsa kuposa china chilichonse lero.

Kenako anandipititsa mbali imene wolamulira wina, Almanzor, anawonjezera chakumapeto kwa zaka za m'ma 900, nati ndiyang'anitsitse zofiirazo. Kulibe njerwa kumeneko. Ndi mwala wokhawokha wopakidwa utoto wofiira, ntchito ya changu. Pa nsanamira zina pali timalemba tating'ono tozokotedwa, zizindikiro za amisiri osema miyala. Popanda wokulozera, ungadutse kakhumi osaziona.

Mayina a mafumu andisokonekera m'mutu, ma Abd al-Rahman okha alipo angapo. Amene ndamugwira ndi al-Hakam II, chifukwa ndiye anamanga khoma lonyezimira golide limene opemphera ankayang'anako, ndipo amisiri a timiyala tokongoletsa khomalo anachokera ku Constantinople.

Pakatikati pa zonsezi pali tchalitchi chachitali chowala, chimene anayamba kumanga mu 1523, patatha zaka zambiri mfumu yachikhristu Fernando III atalanda mzindawu mu 1236. Mtima wanga unakana, ndinaona ngati awononga. Ndinawauza choncho, zimene pagulu sindikanayerekeza. Sananditsutse, anangoti mizikiti ina ikuluikulu ya ku Spain inagwetsedwa, pamene uwu unapulumuka chifukwa tchalitchi chinakhalamo. Anawonjezanso kuti Asilamu saloledwa kupempheramo mpaka lero, ndipo anthu a mumzindamo amakanganabe za mwini wake weniweni. Sanandiuze mbali imene iwo ali, ngakhale ndinawanyengerera.

M'dera la Ayuda misewu ndi yopanikiza dala, makoma opaka laimu, kuti mthunzi uzikhalitsa. Sunagoge wa mu 1315 ndi kachipinda chabe, ndipo eni ake anathamangitsidwa m'dziko lonselo mu 1492. Chiboliboli cha Maimonides, wophunzira wachiyuda wobadwira kuno, nsapato zake zayera mbee ndi manja a alendo. Ku Calleja de las Flores, kumene aliyense amathamangira, tinangosuzumira. Kunali kodzaza, ndipo sindinadandaule.

Miyendo itayamba kulemera anasintha njira, tinapita ku San Basilio kukaona mabwalo a m'kati mwa nyumba. Miphika ya maluwa yapachikidwa khoma lonse mpaka kudenga. Agogo ena ankathirira ya pamwamba ndi kachitini komangirira kunsonga ya bango lalitali, mphika umodziumodzi, osataya dontho. Mwezi wa Meyi eni nyumba amatsegula zitseko pa mpikisano wa mabwalowa, mwambo umene UNESCO inauzindikira mu 2012. Tinasiyana itakwana 2 koloko, nthawi imene iwo amayamba kuganiza za nkhomaliro. Ndinadya salmorejo, phala lozizira la tomato, buledi, adyo ndi mafuta a olivi. Supuni zoyamba zinandivuta, zotsatira zinapita zokha.

Lachisanu

Ndayenda ndekha opanda mapu. Pa ngodya za nyumba zina ndapeza zidutswa za nsanamira zakale zomangiridwa m'khoma, zoteteza ngodya kuti ngolo zisaigumule. Dzulo sanandionetse zimenezi, ndaziona ndekha, ndipo ndawatumizira chithunzi monyadira. Ayankha kuti ngati ndikufuna zovuta, mawa ndikwere basi ya ku Medina Azahara, mzinda wa Abd al-Rahman III umene unasanduka bwinja, ndikayese kuloza ndekha zimene zili zakale ndi zimene akatswiri anamangiranso.