London ya mapaundi 30

Nditauza mnzanga wa kuntchito kuti ndikupita kokaona London ndi mapaundi 30 okha, anandiyang'ana ngati ndalawa kachasu m'mawa. "Aise, imeneyotu ndi ya chakudya chamasana basi," anatero. Iyeyo anapitako ndi chibwenzi chake, anakwera chigudumu chachikulu chija amati London Eye, anadya m'lesitilanti, n'kubwerako ndi ngongole yomwe anamaliza kubweza pa Khirisimasi.

Ine ndinalibe kuchitira mwina. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, ndipo malipiro anga amakhala ali ndi eni ake asanalowe n'komwe mu akaunti: lendi, fizi ya mng'ono wanga, mankhwala a BP a amayi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, achibale anaganiza kuti paundi yanga yanenepa. Anaiwala kuti shuga ndi feteleza nazo zinakwera sabata yomweyo.

Anandikankha kuti ndipite ndi amayi. Kwathu ndi ku Chiradzulu, kufupi ndi ku Mbombwe, ndipo iwo anamva pa wailesi kuti chiboliboli cha John Chilembwe chaimikidwa pakati penipeni pa London. Foni iliyonse inkatha ndi funso lomwelo: "Mwana wanga, abusa aja wakawaona?" Nditamva kuti chibolibolicho achichotsa chaka chisanathe, ndinagula tikiti ya basi yopita ndi kubwerera tsiku lomwelo, Lachinayi lina mu Meyi 2024. Ndinagula kudakali masabata atatu, chifukwa kuno tikiti imakwera mtengo tsiku likamayandikira. M'chikwama ndinaika mazira ophika anayi, buledi, nthochi, fulasiki ya tiyi ndi botolo la madzi. M'thumba munali pepala limodzi la mapaundi 20, ndipo pa khadi ndinasiyapo 10.

Basi inanditsitsa pa Victoria Coach Station cha m'ma 9 koloko. Kuchokera pamenepo sitima ya pansi pa nthaka siyofunika, miyendo ndi yokwana. Mphindi 15 ndinali pa mpanda wa Buckingham Palace, kujambulitsa ngati mfumu yandiitana. Ndinadutsa m'paki ya St James's, n'kukhala pa benchi kumwa tiyi wanga ndikuonerera avuwo, mbalame za milomo ikuluikulu zija timaziona ku nyanja ya Chilwa. Kuno zimasungidwa m'pakimo kuyambira 1664, pomwe kazembe wa dziko la Russia anabweretsa zoyamba ngati mphatso kwa mfumu. Kenako ndinatulukira pa Big Ben. Mpaka apa sindinatulutse ngakhale tambala, ndipo ndinayamba kudzimva kuti ndine wochenjera.

Kuchenjera kwangako kunathera pa mlatho wa Westminster.

Panali kagulu ka anthu kozungulira bambo wina atanjuta, akusuntha timakapu titatu pa kansalu, kampira kali pansi pa kamodzi. Mayi wina wovala bwino analoza kapu, anapata, anapatsidwa ndalama zake kuwirikiza, n'kuyamba kukuwa ndi chimwemwe. Abale inu, masewera amenewa ndimawadziwa. Ndinawaonapo pa depoti ya Limbe, a makadi atatu, ndipo ndinkaseka anthu akumudzi akamalira atabetsa ndalama ya fodya. Koma mumtima ndinati, kuno ndi ku London, pamaso pa nyumba ya malamulo, ndani angabe masana ano? Ndinaona bwinobwino kuti kampira kalowa pakati. Ndinatulutsa pepala langa lija. Kapu itatukulidwa, pansi pake panali mphepo.

Sindinakuwe. Ndinangoima chilili, manja m'thumba mopanda kanthu. Nditacheuka ndili patali, ndinaona mayi wopata uja akunong'onezana ndi mwini makapu. Ndi amodzi, ngati ku Limbe komwe. Chomwe chinkandiwawa kwambiri sichinali ndalamayo ayi, ngakhale inali ya mankhwala a amayi pafupifupi mwezi wonse. Chinali chakuti sindinaberedwe ndi njala kapena mtengo wa zinthu. Ndinaberedwa ndi ulemu womwe ndinkaupereka kwa mzindawu.

Ndi mapaundi 10 otsalawo ndinakwera msewu wa Whitehall wapansi, mutu uli pansi, mpaka ku Trafalgar Square. Pabwaloli pali nsanja zinayi za ziboliboli. Pa zitatu pali mfumu ndi akuluakulu a nkhondo. Yachinayi inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150, ndipo masiku ano amaikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana. Pamenepo ndi pomwe panali abusa, kuyambira Seputembala 2022, ntchito ya Mmalawi mnzathu Samson Kambalu. Anatengera chithunzi cha mu 1914, pomwe Chilembwe anaima ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano. Koma Kambalu anamukuza Chilembwe kuwirikiza, moti mzunguyo akuoneka ngati kamnyamata pambali pake.

Nkhope imeneyi ndakhala ndikuipinda m'thumba pa K500 moyo wanga wonse. Kuiona m'mwamba, mabasi ofiira akuizungulira, ndinamva kutentha m'maso. Ndinaimba vidiyo pa WhatsApp.

"Amayi, ndafika. Awa ali apawa."

Anakhala chete kanthawi, foni ataiyandikitsa kumaso. Kenako anafunsa: "Chipewa avala?"

"Avala, amayi."

"Pamaso pa azungu onsewo?"

"Eya, onsewo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, ndipo nkhaniyi amayi anaimva kwa agogo awo, osati m'buku. Za makapu zija sindinawauze, ndipo ngati mukuwadziwa musakawauze.

Kumbuyo kwa chibolibolicho kuli National Gallery, ndipo kulowa ndi ulele. Apa ndiye pagona chinsinsi cha London kwa munthu wosauka. Nyumba zikuluzikulu zosungiramo zakale ndi zojambula, monga British Museum, Tate Modern ndi Natural History Museum, salipiritsa pakhomo. Ndinene zoona, chomwe chinandilowetsa poyamba ndi chimbudzi chaulere ndi mpando wofewa. Koma ndinatha ola lonse ndili m'katimo, ndipo ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi cha mpendadzuwa cha Van Gogh, mpendadzuwa womwewu timalima wa mafuta ophikira, anthu akukankhana kuti aujambule.

Mazira ndinadyera pa masitepe panja. Kenako basi nambala 15, m'mwamba, mpando wakutsogolo. Mabasi a ku London salandira ndalama pamanja, umangogunditsa khadi, ndipo mu 2024 mtengo wake unali mapaundi 1.75. Makampani oyendetsa alendo amalipiritsa ndalama zambirimbiri pa msewu womwewu: Fleet Street, tchalitchi cha St Paul's, mpaka pa Tower of London. Ndipo ukakwera basi ina ola lisanathe chigunditsireni khadi koyamba, sulipiranso. Ndiye ndinatsika, kuthamanga, kujambula Tower Bridge, kuthamanganso, n'kukwera yobwerera kutatsala mphindi zochepa. Kulowa mu Tower mwenimwenimo ndi mapaundi oposa 30. Zisoti za mafumu ndidzazionera pa YouTube.

Ku Westminster Abbey nakonso mlendo amalipira pafupifupi mapaundi 30. Koma ndi tchalitchi, ndipo wobwera kudzapemphera salipiritsidwa. Ndinaima pamzere wa mapemphero a 5 koloko madzulo. Sakulola kujambula kapena kuyendayenda, umangotsata komwe akukulozera, koma njira yake imadutsa pakati pa tchalitchi pomwe pali manda a David Livingstone. Ndinachedwetsa phazi kuti ndiwerenge dzinalo pansi. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ku Zambia, ndipo mtima wake unakwiriridwa komweko. Susi ndi Chuma ndi anzawo ananyamula thupi lake miyezi 9 mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ya mchere. Mayina awo pamwalapo palibe. Kwaya itayamba kuimba, mawu akukwera m'denga lalitalilo, ndinapeza kuti ndikupempherera anthu oyenda wapansi aja, komanso, pang'ono pokha, mapaundi 20 anga.

Pobwerera ku Victoria ndinalowa m'supamaketi n'kugula sangweji, tchipisi ndi chakumwa, zomwe amagulitsa pamodzi motchipa. Pa khadi panatsala mapaundi 4 ndi timakobidi. Mapazi anali atatupa, foni ili pa 6 peresenti. Ndinaika zithunzi zitatu pa sitetasi: ine pa nyumba ya mfumu, ine pa Tower Bridge, ine ndi abusa.

Basi isanatuluke n'komwe mu London, uthenga wa mng'ono wanga unalowa. "Achimwene, ndiye mukuidyatu ndalama kumeneko! Paja nsapato zanga zasukulu zinang'ambika."